KUKUMBA DZIWE NDI KAMTSINJE PAFUPI NDI NYUMBA KU PHALOMBE

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Chitakale kupita ku Phalombe m'mwezi wa Okotobala aona zinthu ziwiri zosagwirizana. Kudzanja lamanja kuli phiri la Mulanje, ndipo m'makwawa ena a phirilo madzi ali kutsikabe ngakhale mvula inaleka miyezi isanu yapitayo. Kudzanja lamanzere kuli chigwa chouma gwa, nthaka itang'ambika ming'alu, mbuzi zili kukukuta makungwa a mitengo. Madzi otsika m'phirimo alowa m'mitsinje monga Phalombe ndi Sombani, napita kukathera ku nyanja ya Chilwa. Panjira ponsepo anthu angomwako, kuchapa, ndi kuthirira madimba ndi makeni.

Phunziro la mwezi uno linena za dziwe laling'ono, lija ena alitcha damu, lokumba pafupi ndi nyumba kapena pa sukulu, pamodzi ndi kamtsinje kobweretsa madzi m'dziwemo, ndi zomera zoyenera kubzala m'mbali mwake. Ku Ulaya anthu achuma akumba maiwe otere kuseri kwa nyumba zawo chifukwa cha kukongola kokha. Ayala pulasitiki pansi, naika makina a magetsi oyendetsa madzi, nayalanso miyala ndi maluwa mwaluso kuti mlendo aziyesa kuti dziwelo linabadwa lokha. Mlimi wa ku Phalombe alibe ndalama za makina otero, ndipo sawasowa konse, pakuti phiri litsitsa madzi kwaulere. Koma nzeru yotsanzira chilengedwe ija ndi yabwino. Dziwe lofanana ndi thamanda la m'dambo, lokhala ndi udzu m'makoma ndi miyala m'ngalande, ndilo likhalitsa. Ndipo kuonjezera pa kukongola lipatsa banja ndiwo.

KUSANKHA MALO

Anthu ambiri akamva za dziwe aganiza msanga zotseka khwawa ndi dothi kuti madzi aime. Ntchito yake ndi yochepa, inde, ndipo pakutha sabata imodzi madzi adzala. Koma dziwe lotero ku Phalombe silitha chaka. Lamulo loyamba ndi ili: dziwe likhale pambali pa mtsinje, osati pa njira yake.

Chifukwa chake achikulire a m'bomali achidziwa bwino. M'mwezi wa Marichi 1991, patagwa mvula yamphamvu kwa masiku angapo, madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika m'phiri la Michesi, nizikokolola midzi ndi mbali ina ya Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko lino, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera osautsidwa koposa. Akulu amati Napolo abwerera pa njira yake yakale. Ophunzira za nthaka anena chimodzimodzi m'mawu ena: pamene zigumukire zinapita kale, zidzapitanso. Tsono khoma la dothi lomanga ndi makasu lingaime bwanji pa njira yotero? Ngakhale m'chaka chopanda ngozi, khwawa laling'ono litha kusefukira usiku umodzi wa Januwale, niligumula khoma, nilitenga nsomba zonse, nilitsanulira matope m'munda wa mnansi wa kumunsi. Mlandu wake ugwera mwini dziwe.

Chotero munthu asathamangire kukumba. Ayambe waona malowo kawiri: m'mwezi wa Febuluwale pamene madzi achuluka, ndi m'mwezi wa Okotobala pamene achepetsetsa. Pa dzinja aone pamene madzi osefukira alekeza. Zizindikiro zake siziti n'kubisika: zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo, mchenga woyera pakati pa dothi lakuda, miyala yobulungira imene yagona kutali ndi mtsinje. Miyala yotere siinabwere yokha. Afunsenso nkhalamba za pamudzi kuti madzi a 1991 ndi a 2023 anafika pati. Dziwe likhale pamwamba pa malire amenewo.

Pa chilimwe ayese ngati madzi akwanira. Kumbukirani kuti mbali ya Phalombe ilandira mvula yochepa poyerekeza ndi kumwera kwa phiri kumene kuli minda ya tiyi, ndipo makwawa ambiri amene asokosa mu Marichi aphwa pofika Sepitembala. Kayesedwe kake n'kosavuta. Atenge ndowa ya malita 20, aike kachidutswa ka nsungwi kapena khungwa la nthochi pa kasupe kapena pa khwawalo, awerenge nthawi imene ndowayo idzala. Ikadzala pa mphindi imodzi m'mwezi wa Okotobala, madziwo akwanira dziwe la banja. Ikatha mphindi khumi, dziwe lichepe, kapena mwini wake avomereze kuti adzakolola nsomba zake chilimwe chisanakule.

Malo abwino ndi otsetsereka pang'ono, kotero kuti madzi alowa okha cha kumtunda natuluka okha cha kumunsi. Akhale pamtetete powomba dzuwa tsiku lonse, ndiponso pafupi ndi nyumba, pooneka munthu ali pakhonde, popeza dziwe la kutali lidyetsa akuba ndi akatumbu. Chimbudzi chikhale cha kumunsi, mamita osachepera 30.

Patsala chinthu chimodzi chimene ambiri aiwala. Madzi a mtsinje si a munthu mmodzi. Asanakumbe ngalande, munthu apite kwa nyakwawa, akambiranenso ndi onse okhala kumunsi amene amwa ndi kuthirira pa mtsinje womwewo. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority lopereka zilolezo zopatutsira madzi, ndipo alangizi a za nsomba ndi a za madzi ku Boma adzamuuza ngati dziwe lake lisowa chilolezo. Kufunsa kumeneku sikutenga nthawi yaitali monga mlandu wa pabwalo la mfumu m'mwezi wa Novembala.

KUYESA DOTHI

Dothi la ku Phalombe silili lamtundu umodzi. M'tsinde mwa phiri muli mchenga wambiri ndi timiyala, ndipo madzi apitirira ngati m'dengu. M'chigwa muli makande, dothi lakuda lija lomata makasu pa dzinja. Makande asunga madzi bwino ali onyowa, koma akauma ang'ambika, ndipo mng'alu umodzi pa khoma ukwanira kutaya dziwe lonse. Pakati pa ziwirizi pali katondo ndi dothi losakanikira dongo, ndilo loposa onse.

Munthu akumbe dzenje lofika m'chiuno pamalo pamene afuna dziwe. Atape dothi la pansi penipeni, alinyowetse, aumbe mpira wokwana m'dzanja, auponye m'mwamba ndi kuuwakha. Ukanyenyeka, mchenga wachuluka. Ukakhala wathunthu, dothilo lili ndi dongo. Atatero adzaze dzenjelo ndi madzi m'mawa, awonjezere madzulo, alivundikire ndi masamba. M'mawa mwake akapeza madzi ambiri alimobe, malowo ndi abwino. Akapeza matope okha, asakakamire, asunthire pena. Koma ngati malo ena palibe, atute dothi la pachulu, aliyale pansi ndi m'makoma kuchindikala kwake ngati chikhato chimodzi ndi theka, alisakanize ndi ndowe ya ng'ombe, ndipo anthu aliponde ndi mapazi monga aponda dothi la njerwa.

KAKUMBIDWE

Nthawi yokumba ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, atatha kukolola chimanga, pamene nthaka ikali yofewa. Makande a mu Okotobala athyola mpini.

Dziwe la banja limodzi likhale la mamita 10 m'mimba ndi mamita 20 m'litali. Wokhala ndi malo ochepa akumbe la theka lake. Dziwe laling'ono losamalika liposa lalikulu losiyidwa. Sipafunika kuti likhale la ngodya zinayi zenizeni ngati bwalo la mpira. Litha kutsata mmene malowo apendekera, ndi ngodya zozungulira, ndipo lioneka bwino koposa likatero. Chokhacho, lisakhale ndi timakona tambiri tokhota pamene ukonde sungafike.

Atakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe, achotse udzu, mizu, zitsa ndi dothi lapamwamba lachonde, aziunjike padera. Dothi lapamwambali silimanga khoma, pakuti mizu ikaola isiya timabowo. Lisungidwe, lidzagwira ntchito pobzala udzu. Pamene padzakhala khoma la kumunsi akumbe kangalande kofika m'mawondo, akadzaze ndi dongo lotsendereka. Kumeneko ndiko kutseka njira ya madzi opita pansi pa khoma.

Dothi lotuluka m'dziwe ndilo limanga makoma. Apa ndi pamene anthu ambiri alakwa chifukwa cha changu. Angounjika dothi ndi wilibala kufikira litakwera, nalisalaza pamwamba, nati ntchito yatha. Khoma lotero lili ngati mulu wa mbatata. Kamangidwe koyenera n'kuyala dothi pang'ono, losapitirira masentimita 20, kuliwaza madzi, ndi kulitsendera ndi chipika kapena munsi kufikira phazi silisiya chizindikiro. Ndipo pamenepo kuyala lina. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndipo siioneka ndi maso, koma mphamvu ya dziwe yagona pomwepo. Khoma likhale lotakata mita imodzi kapena kuposa pamwamba pake, kuti munthu ayendepo ndi wilibala, ndipo m'mbali mwake likhale lopendeka, osati loima chilili: pa mita imodzi yokwera, mamita awiri otambalala.

Kuya kwake kukhale kosiyana. Kumene madzi alowera afike m'ntchafu mwa munthu wamkulu, kumene atulukira afike pachifuwa. Mbali yakuyayi ndiyo ipulumutsa nsomba pa kutentha kwa Okotobala ndi pa kuzizira kwa chiperoni. Pamwamba pa madzi patsale khoma lofika pafupi ndi bondo. Cha kumunsi aikepo paipi kapena nsungwi yaikulu yoboola pamalire amene madzi ayenera kulekezera, kuti akachuluka azitulukira m'menemo, osakwera khoma; kukamwa kwake amangeko kasefa kuti nsomba zisathawe. Pomaliza akumbe ngalande ina yozungulira cha kumtunda kwa dziwe, yopatutsa madzi a mvula otsika m'minda, kuti asalowe ndi matope ndi mankhwala a mbewu.

KAMTSINJE

Ngalande yobweretsa madzi anthu aiyesa chinthu chachabe, naikumba yoongoka ngati mzere wa chimanga, yotsetsereka molunjika kudziwe. Madzi a m'ngalande yotero athamanga, nadya m'mbali, ndipo pakupita zaka ziwiri pamene panali ngalande pali chigwembe. Mtsinje wachilengedwe suyenda motero. Ukhotakhota, upuma m'mathamanda, udumpha pa miyala, nupitirira. Munthu akhale pansi tsiku lina m'mbali mwa Likulezi aone mmene miyala yagonera, pamenepo adzadziwa chochita.

Poyambira ngalande pakhale pamalo olimba, pa thanthwe ngati lilipo, ndiponso osati kunja kwa gondo la mtsinje kumene madzi aomba ndi mphamvu. Aikepo chitseko cha matabwa olowetsa pakati pa miyala iwiri kapena mizati iwiri. Chitsekochi ndicho chisiyanitsa dziwe la pambali ndi dziwe la pa njira ya madzi: mitambo ikada pa Michesi, mwana mmodzi atha kuthamanga kukatseka, ndipo madzi ofiira apita njira yawo.

Kuchokera pamenepo ngalande iyende mopingasa chitunda, yotsika pang'onopang'ono, kotero kuti tsamba loponya m'madzi liyenda monga ayendera munthu wokalamba. Alangizi a zaulimi ali ndi kachipangizo koyezera akalozera m'minda, ndipo komweko kathandiza pano. Pamene malo atsetsereka kwambiri, asalole madzi kutsika ndi liwiro; amange masitepe a miyala, sitepe iliyonse yosapitirira chikhato kutalika kwake, ndi mwala wafulati pansi pake polandira madzi. Miyala ikwiriridwe theka m'dothi monga ikhalira kumtsinje, yaikulu kunja kwa gondo lililonse, yaing'ono yotsekera m'mipata. Mwala wongosanjika pamwamba madzi aufukula. Timathithi timeneti tili ndi phindu lina: madzi akamagwa atenga mpweya umene nsomba zipuma. Ndipo phokoso lake madzulo, munthu atakhala pakhonde, si chinthu chonyoza.

Ngalande yaitali yokhotakhota ithandizanso pa kuzizira. Madzi a m'phiri la Mulanje ndi ozizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo nsomba za m'maiwe zileka kudya ndi kukula madzi akazizira. Akayenda mtunda padzuwa afika atafundako. Pachifukwa chomwecho, dziwe likadzala mlimi achepetse madzi olowa. Ambiri ayesa kuti nsomba zikonda madzi oyenda nthawi zonse. Iai. Madzi ongopitirira atenga kufunda ndi chakudya cha nsomba. Alowe okwanira kubwezera amene auma ndi dzuwa ndi olowa pansi, otsala abwerere kumtsinje kwa anansi.

Madzi asanafike m'dziwe apume m'kadzenje ka mita imodzi mbali zonse. M'menemo mchenga ndi matope zikhazikika, ndipo mwini dziwe azifukula mwezi ndi mwezi kukathira kudimba. Polowera penipeni pakhale paipi yokhala ndi kasefa, yotulukira pamwamba pa madzi, ndi miyala pansi pake. Kasefako kaletsa milamba ya kumtsinje ndi nsomba zina zosafunika.

ZOBZALA

Khoma la dothi lopanda chofunda litha ndi mvula yoyamba. Tsiku lomwelo limene latha kumangidwa, abwezerepo dothi lachonde lija ndi kubzala kapinga ponseponse, pamwamba ndi m'mbali, namthirira kufikira atagwira. Pa makande kapinga achita ntchito ziwiri: agwira dothi, naliphimba kuti lisang'ambike ndi dzuwa. M'tsinde mwa khoma cha kunja, ndi m'mbali zonse ziwiri za kamtsinje, abzale vetiva motsatana, mbande iliyonse kutalikirana chikhato chimodzi. Mizu ya vetiva itsika molunjika mamita awiri kapena atatu, ndipo safalikira m'munda monga achitira maudzu ena.

Cha kumunsi kwa dziwe, kumene nthaka ikhala yachinyontho, ndiko malo a nthochi, nzimbe, koko ndi nsenjere. Kupitirira apo pakhale dimba la mpiru, bonongwe, matimati ndi mbatata, lothirira ndi madzi otuluka m'dziwe, amene ali ndi chonde kuposa a kumtsinje. Anthu a ku Guangdong ku China anachita zotere kwa zaka mazana ambiri: ankabzala mabulosi pa makoma a maiwe, masamba ake ankadyetsa mbozi za silika, zitosi za mbozi zinkapita kwa nsomba, ndipo matope a m'dziwe ankabwerera ku mabulosi. Ku Phalombe kholowa, chigwada ndi masamba ofewa a nthochi zidyetsa nsomba, ndipo matope a dziwe akhala manyowa a dimba.

Mitengo ifunika nzeru. Mkuyu, katope, mwimbi ndi mbawa ndi mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo wobzala iyo pafupi ndi kasupe kapena m'mphepete mwa mtsinje waukulu achita bwino, pakuti ndiyo isunga magombe. Koma pa khoma la dziwe pasakhale mtengo uliwonse. Mizu yake iboola khoma, mthunzi wake uziziritsa madzi, ndipo nthambi zake zikhala mpando wa mbalame zodya nsomba. Bulugamu akhale kutali ndithu, chifukwa amwa madzi ambiri.

Za m'madzi mwenimweni ndizo zofuna kudziletsa. Bango ndi njedza zikongoletsa nyanja ya Chilwa, koma m'dziwe laling'ono zidzaza ponse pa zaka ziwiri. Wozifuna chifukwa cha mphasa azibzale kunsi kwa dimba, kumene madzi abwerera kumtsinje. Ndipo pali chomera chimodzi chimene sichiyenera kuyandikira konse: namasupuni. Duwa lake lofiirira ndi lokongola, ndipo ndi kukongola komweko kumene kunachititsa anthu kumchotsa kwawo ku South America ndi kumfalitsa m'maiko ambiri. Pa nyengo yofunda achulukana kawiri pa masabata awiri okha. Mu mtsinje wa Shire wakhala akutseka madzi ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Mwana akabwera naye kunyumba chifukwa cha duwalo, aumitsidwe padzuwa ndi kutenthedwa.

NKHONO, UDZUDZU NDI ANA

Apa kutsanzira chilengedwe kulekeza. Dera lozungulira nyanja ya Chilwa lidziwika ndi likodzo, ndipo aphunzitsi ambiri aonapo ana okodza magazi. Kayendedwe ka nthendayi n'kotere. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo aswa, tizilomboto tilowa m'nkhono za m'madzi, tikula m'menemo masabata angapo, titulukanso tambirimbiri, ndi kuboola khungu la aliyense wolowa m'madzimo. Nkhonozi zikonda madzi osaya, oyenda pang'ono, okhala ndi udzu ndi masamba. Dziwe losiyidwa ndi ngalande yowirira ndiyo nyumba yake yeniyeni, ndipo mphutsi za udzudzu wa malungo zikonda malo omwewo.

Chotero zomera zikhale kunja kwa madzi, m'kati mukhale moyera. Udzu wogwera m'madzi usengedwe kawirikawiri. M'dziwe musakhale malo osaya ofika m'kapolo, ndipo maenje otsala pokumba akwiriridwe. Kamtsinje kapalidwe mwezi uliwonse, ndipo kamodzikamodzi katsekedwe masiku angapo kuti kaume. Munthu asakodze, asasambe, asachape m'dziwe kapena m'ngalande, ndipo madzi ake si akumwa. Nsomba zidya mphutsi za udzudzu, abakha adya nkhono, koma zimenezi zingothandiza. Sizilowa m'malo mwa chikwakwa. Wokodza magazi apite kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Madzi ofika pachifuwa cha munthu wamkulu amiza mwana wa zaka zitatu popanda phokoso. Mpanda wa nsungwi wokhala ndi chitseko umangidwe madzi asanalowe, osati pambuyo pake. Mpanda womwewo uletsa mbuzi ndi ng'ombe kuponda makoma.

NSOMBA

Madzi alowetsedwe pang'onopang'ono, kwa masiku angapo, mwini wake akuyendera khoma m'mawa ndi madzulo kuona ngati padontha. Asanatero awaze phulusa pansi. Pa ngodya imodzi, pafupi ndi polowera madzi, amange kakhola ka timitengo, aikemo zitosi za nkhuku, ndowe ya mbuzi kapena ya ng'ombe, ndi udzu woola. Pakupita sabata imodzi kapena ziwiri madzi asanduka obiriwira. Ubiriwiri umenewu si uve. Ndi tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ndito chakudya chachikulu cha nsomba. Kuti adziwe ngati manyowa akwana, alowetse mkono m'madzi kufikira pachigongono. Akaona chikhato chake bwinobwino, awonjezere manyowa. Chikazimirira mkono usanafike theka, manyowa achuluka, ayambe waleka. Akaona nsomba zili kupuma pamwamba pa madzi m'bandakucha, atsegule ngalande msanga.

Ulimi wa nsomba za kuno si wachilendo. Boma linatsegula malo oyeserera ulimiwu ku Domasi m'boma la Zomba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zimene zinayesedwa pamenepo ndizo ziwetedwabe: makumba ndi chilunguni. Makumba anthu a ku Phalombe awadziwa kuchokera ku Chilwa. Apirira, ndipo aswana kwambiri, yaikazi isunga mazira m'kamwa kufikira ataswa. Chilunguni chidya masamba ndi udzu wofewa, choncho chithandiza kuyeretsa dziwe. Kuziweta pamodzi n'kwabwino, popeza sizilimbirana chakudya. Mlamba ukula msanga koma udya ana a zinzake. Woyamba kumene ayambe wausiya.

Mbewu ya nsomba ichokere kumene alangizi a za nsomba alozera. Malamulo a dziko lino saloleza kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo midzi ya ku Phalombe yoyandikana ndi Mozambique ichenjere pa ichi, chifukwa dziwe likasefukira nsombazo zifika ku Chilwa. Palinso nthenda ya zilonda za nsomba imene inaoneka ku Mchinji mu 2020. Iyenda ndi nsomba ndi maukonde obwereka. Nsomba zitatu pa mita imodzi mbali zonse zikwanira, ndiko kuti 600 pa dziwe la mamita 10 ndi 20. Zinyamulidwe m'mamawa kusanatenthe, ndipo chidebe chiviikidwe m'dziwe kanthawi kuti madzi afanane kufunda, nsomba zituluke zokha.

Madeya awazidwe kawiri pa tsiku, pamalo amodzimodzi, okwanira kutha pa kanthawi kochepa. Pakupita miyezi isanu ndi umodzi ya nyengo yofunda nsomba zambiri zifika ngati chikhato. Zikasiyidwa nthawi yaitali ziswana kufikira dziwe litadzala ndi tinsomba tosakula, choncho mlimi azichotsa zazikulu ndi mbedza kapena ukonde wa maso aakulu, ndipo ana ochuluka agulitse kwa anzake. Neti ya udzudzu ikhale pa bedi. Adani a dziwe ndi katumbu, ng'azi, nantchengwa ndi akakowa. Zingwe zomanga mopingasa pamwamba pa madzi zisokoneza mbalame. Nkhanu ziboola makoma, ndipo bowo lililonse litsekedwe ndi dongo tsiku lomwelo.

Kukolola kwakukulu kuchitike mu Novembala kapena kumayambiriro a Disembala, mvula yamphamvu isanayambe. Nsomba zimene zili mumphika kapena pa thandala namondwe sazitenga. Ndiponso zaka zimene Chilwa aphwa, monga 1968, 1995 ndi 2018, matemba ndi makumba zisowa pa misika ya Migowi ndi Chiringa, ndipo mwini dziwe sasowa wogula.

KWA APHUNZITSI

Dziwe lipatsa ana masamu enieni. Dziwe la mamita 20 ndi 10, lakuya mita imodzi pakatikati, lisunga malita 200,000, ndiwo migolo 1,000 ya malita 200. Ngalande yodzaza ndowa ya malita 20 pa mphindi imodzi ipereka malita 1,200 pa ola ndi malita 28,800 pa tsiku. Ana apeze okha kuti dziwelo lidzala pa masiku pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo afotokoze chifukwa chake dziwe latsopano litenga masiku oposa pamenepo. Dzuwa la Okotobala likachotsa mamilimita 5 pa tsiku, dziwelo litaya malita 1,000, ndizo ndowa 50. Ana akhome ndodo yolemba masentimita m'dziwe, atseke ngalande masiku atatu, alembe m'kope mmene madzi atsikira. Akatsika kuposa zala ziwiri pa tsiku, dzuwa lokha silingatero. Pena pake khoma lidontha, ndipo kalasi lonse lizungulire kunja kwa khomalo kufunafuna pamene udzu wabiriwira kuposa pena.